Ndinapita ku Ndata ndikuganiza kuti ndikukaphunzira udokotala

Dzina langa litatuluka pa mndandanda wa osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma mu 2016, amayi anapha nkhuku ziwiri tsiku limodzi, zomwe kwathu zimachitika pa Khirisimasi pokha. Uthengawo unabwera ndi aphunzitsi athu a sayansi, omwe anapalasa njinga kuchokera ku Mponela nyuzipepala ili m'thumba la jekete. Anaika chala pa dzina langa: Malawi University of Science and Technology, Biomedical Engineering. Amalume anafunsa kuti chimenechi n'chiyani. Ine osaphethira n'komwe ndinati ndi zaudokotala. Pofika madzulo mudzi wonse unali ukunditchula kuti adokotala, ndipo agogo ena anabwera kudzandionetsa bondo lawo lotupa.

Sindinaname dala. Ndinalemba MSCE mu 2015 pa sekondale yoyendera ndipo ndinapeza mapointi 12. Kuyambira ndili Sitandade 6 ndinkadziona nditavala gauni yoyera, kachipangizo komvera mtima kali lende pakhosi. Fomu ya NCHE, bungwe lomwe limayendetsa zosankha ophunzira opita ku mayunivesite a boma, ndinaidzaza masana amodzi mu ofesi ya aphunzitsi, mnzanga ataima pambali kudikira cholembera changa. Pamwamba ndinaika udokotala wa ku College of Medicine. M'munsi mwake ndinangoyendetsa chala kufunafuna paliponse pamene panali mawu akuti "medical", ndipo ndinawapeza atabisala mkati mwa Biomedical Engineering. Mawu achiwiriwo ndinangowataya ngati kamwala ka mu mpunga.

Ngati muli ndi mwana kapena mng'ono wanu amene akudzaza fomu imeneyi, musalole kuti asankhe kosi chifukwa dzina lake likukoma m'makutu. Afunse zinthu ziwiri: chaka choyamba amaphunzira chiyani, nanga amene anamaliza amagwira chiyani ndi manja awo akafika kuntchito m'mawa. Wophunzira aliyense wa pasukulupo akhoza kuyankha zimenezi pa foni mpunga usanapse. Ine sindinafunse munthu.

Za sukuluyo ndinkangodziwa za m'maluwa. Kwathu kuchigawo chapakati inkadziwika kuti ndi yunivesite ija imayenera kumangidwa ku Lilongwe koma malemu Bingu wa Mutharika anaisamutsira kumunda kwawo ku Ndata, m'boma la Thyolo. Nkhani yosamutsayo ndi yoona, ndipo inautsa mapiri pachigwa nthawi yake. Amalume, omwe ndale amazitsatira kuposa mitengo ya fodya, ankangoti "sukulu ya kumunda ija". Koma chimene anaimangira palibe anandiuza, nanenso sindinachifufuze.

Cholakwa chachiwiri ndinachichita ndisanakwere n'komwe basi. Amalume ankakumbukira nthawi imene wosankhidwa kupita kuyunivesite ankangonyamula sutikesi, chakudya n'kumakadya chaulere, boma n'kumamupatsanso kangachepe. Tonse tinakhulupirira kuti zidakali choncho. Nthawi imeneyo inali itapita. Kuyambira 2015 kuli bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'mayunivesite, ndipo ngongoleyo umachita kuipempha wekha, pa fomu yake, nthawi yake isanathe. Fomuyo imafuna maumboni ndi zidindo zosonyeza kuti ndiwedi wosowa, ndipo kuzisonkhanitsa kumadya masiku, makamaka ukakhala kumudzi. Ine ndinazimva nthawi yolandira mafomu itatsekedwa. Mlandu sunali wa wina aliyense. Chilengezo chinatuluka, koma ine ndinali kalikiliki kulandira ulemu wa udokotala.

Amalume anagulitsa ng'ombe imodzi yapangolo, K180,000. Amene mukudziwa ngolo mukudziwa kuti ng'ombe imodzi sikoka. Ngolo ija, yomwe inkabweretsa ndalama potuta chimanga ndi njerwa za anthu, inakaimikidwa pansi pa mtengo wa mango, matayala n'kuyamba kuphwa. Ndalamayo, pamodzi ndi ya soya wa amayi, inalipira gawo loyamba la fizi, chikwama, bulangete ndi thiransipoti.

Ulendo unali wa tsiku lathunthu: Mponela, Lilongwe, Blantyre, kenako Limbe, kumene ndinakwera minibasi yodzera msewu wa Midima. Nditatsika kabaza pageti ndinaima kaye. Nyumba zosanjikizana zitatambalala pakati pa minda, misewu ya tala mkati mwa sukulu, magalasi ali phuliphuli. Chapafupi pomwepo pali Mpumulo wa Bata, pamene anagona Bingu. Kunali kachiperoni, kamvula kowaza kosaleka kaja, ndipo juzi yomwe ndinabwera nayo sinathandize kanthu. Opita ku Thyolo, tengani jekete yeniyeni.

Sabata yoyamba anatisonkhanitsa mu holo n'kutifotokozera mbiri ya sukuluyo. Anati inamangidwa ndi ngongole ya pafupifupi madola 80 miliyoni yochokera ku Exim Bank ya ku China. Bingu anamwalira mu Epulo 2012 asanaone wophunzira ngakhale mmodzi akulowa pageti. Lamulo lokhazikitsa yunivesiteyi linadutsa mu Disembala chaka chomwecho, Joyce Banda ali pampando. Ophunzira oyamba anafika mu Malichi 2014, ndipo Peter Mutharika anadzaitsegulira mwamwambo mu Okutobala. Anatitchulira nthambi zake zinayi: Malawi Institute of Technology komwe kuli zauinjiniya, Ndata School of Climate and Earth Sciences ya zanyengo ndi za m'nthaka, Academy of Medical Sciences, ndi Bingu School of Culture and Heritage. Kenako anafika pa cholinga, chomwe chinali mfundo imene Bingu ankaibwereza pafupifupi pamsonkhano uliwonse: Malawi aleke kukhala dziko longoitanitsa katundu kunja n'kumadya, akhale dziko lopanga zinthu n'kumagulitsa kunja. Kuti zimenezo zitheke pamafunika anthu odziwa kuyenga miyala ya m'migodi, kusungunula ndi kuumba zitsulo, kusakaniza makemikolo m'fakitale, kupanga ndi kukonza makina. Makosi oyamba pasukulupo anali omwewo: Metallurgy, Chemical Engineering ndi yathu ija.

Zonsezi zinalowera khutu ili n'kutulukira linali. Ndinaziyesa zolankhula za pamsonkhano, zoti uombe m'manja n'kumapita. Nthawi imene ankalankhula ine ndinali kuwerengetsera kumbuyo kwa kope kuti K20,000 yomwe inanditsalira indifikitsa pati. Titatuluka ndinafunsa mnyamata wina wa chaka chachitatu, mwa omwe timawatcha ma conti, kuti kuwodi timayamba kupita liti. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Yearo, wasochera basi," anatero akuseka, akundiitana ndi dzina lomwe amapatsa a chaka choyamba. "Kuno odwala athu ndi makina."

Ndondomeko ya maphunziro itatuluka ndinaona masamu, physics, chemistry, kujambula mapulani a zipangizo ndi kulemba mapulogalamu a pakompyuta. Kompyuta ndinali nditaigwirako kawiri moyo wanga wonse. Tsiku loyamba mu labu anzanga a ku masekondale ogonera komweko anali atamaliza ntchito ine ndikufunafunabe chilembo cha Q. Usiku umenewo ndinalira mwakachetechete, bulangete lili kumutu, kuopa kuti mnzanga wa m'chipinda angamve.

Mantha anandithamangitsira ku Limbe kukagula laputopu ya kaunjika. Ndinabwereka K30,000 ya katapila kwa munthu wina wa pa Goliati, yobweza K45,000, n'kuphatikiza ndi yomwe amayi anatumiza, ndipo ndinapereka K85,000 kwa mnyamata yemwe anaiyatsa itakhala pachaja n'kundionetsa kuti ikuwala. Batire inali yakufa. Patatha miyezi iwiri inazimiratu, ndipo wondigulitsa uja nambala yake sinkapezekanso. Mukamagula laputopu yogwiritsidwa kale ntchito pitani ndi munthu wodziwa, muizule pachaja, ikhale choyaka theka la ola inu mukuona. Ndipo musathamange: makompyuta a pasukulu akanandikwanira semesita yoyamba yonse ndikanakhala wodzuka m'mawa. Katapila uja anandidyetsa mbatata yootcha ndi madzi mwezi wathunthu.

Koma chimene chinandigwetsa sichinali njala. Kusekondale ndinakhoza chifukwa choloweza. Ndinali ndi mulu wa mapepala a mayeso akale a MANEB, ndipo funso likangoyamba ndinkadziwa kale kumene likupita. Njira yomweyo ndinabwera nayo ku Ndata. Ndinkakopera zitsanzo za pabolodi n'kumazibwereza mpaka usiku wa manda. Pamayeso alekichala ankangotembenuza funso pang'ono, thanki ya madzi n'kukhala botolo la diripu, ine basi mutu wayima. Mayeso oyamba a masamu ndinapeza 23 pa 100. Pepalalo ndinalipinda kanayi n'kulibisa pansi pa matiresi.

Anzanga ankakumana madzulo m'magulu kuthandizana masamu. Anandiitana kangapo, ndinakana. Kwathu ndinali woyamba m'kalasi zaka zinayi zonse, ndipo kukweza dzanja n'kunena kuti sindikumva kunali ngati kuvula pagulu. Pansi pamtima panalinso kanthu kena: ndinkadana nayo kosiyo. Ndinkaiona ngati depoti yodikirirapo basi yopita ku udokotala, ndiye n'kuvutikiranji. Amayi akaimba foni ndinkati zikuyenda bwino. Iwo ankati, "Limbikirani adokotala athu, anthu kuno akudikira."

Kumapeto kwa chaka ndinalakwa maphunziro angapo. Ndinalemba sapu, mayeso apadera olembanso zomwe walakwa, masamu anandikanabe. Kalata inati ndibwereze chaka. Kuwididwa kwenikweni, kuchotsedwa sukulu, kunandiphonya pang'onong'ono.

Ndinakhala kunyumba masiku anayi ndisananene. Tsiku lachisanu ndinawapeza amalume akusoka thumba pafupi ndi ngolo yoima ija, ndipo ndinawauza zonse, kuyambira pa mawu aja ndinataya ngati kamwala. Ndinamaliza ndi pempho loti ndisiye, ndikayesere sukulu ya zachipatala. Anapitiriza kusoka mpaka thumba linatha.

"Mphwanga," anatero, "ng'ombe ija inapita. Kaya ukhala dokotala kaya ukhala chiyani, siibwerera. Chomwe chikundiwawa n'choti chaka chonse unkatiuza kuti zikuyenda. Safunsa anadya phula, koma iwe wadyetsa ndi ife tomwe."

Za kusiya sukulu sanayankhe. Lamlungu lotsatira anandigwira dzanja potuluka m'tchalitchi n'kundipereka kwa bambo wina wachikulire yemwe ankakonza zipangizo pachipatala china cha mishoni. Anagwirizana kuti tchuthi chonse ndizikawanyamulira bokosi la zida, popanda malipiro.

Wekishopu yawo inali kuseri kwa chipatala, pafupi ndi kochapira. Atatsegula chitseko ndinaona manda a makina: mabedi a makanda otenthetsera, zoyezera kuthamanga kwa magazi, makina oyamwira zamadzimadzi, zonse zili mbuu ndi fumbi, zina zidakali ndi timapepala ta mabungwe omwe anazipereka. Anandionetsa amodzi atsopanotsopano ochokera ku America, opangidwira magetsi a mavoti 110. Wina anawalumikiza ku magetsi athu a 230 tsiku lomwe anafika, ndipo sanagwirepo ntchito ngakhale ola limodzi.

Pakona panali makonsentireta asanu, makina aja amapereka okosijeni kwa odwala obanika. Madalawo anakoka imodzi, anandipatsa sikuludiraiva n'kuti nditsegule. Anandifunsa kuti mumpweya womwe tikupumawu okosijeni ndi wochuluka bwanji. Ndinayankha msangamsanga kuti magawo 21 pa 100, nayitirojeni 78. Zimenezo ndinaloweza Folomu 2.

"Chabwino injiniya. Ndiye makinawa okosijeni wa 90 amamutenga kuti, poti mulibe silinda?"

Ndinangoti kakasi. Anandilozera kompuresa yomwe imakoka mpweya wa m'chipinda, kenako mabotolo awiri achitsulo odzaza timibulu totchedwa zeolite. Mpweya ukakankhidwira m'botolo mwamphamvu, timibuluto timagwira nayitirojeni, okosijeni n'kudutsa. Botolo limodzi likakhuta, valavu imatembenuzira mpweya ku linzake, loyambalo n'kulavula nayitirojeni uja. Ndiko kufwenthera kuja mumamva, phuu, phuu, pakapita timasekondi. Makinawo sapanga kanthu, amangosefa. Adani ake ndi fumbi ndi chinyezi. Imene tinatsegulayo sefa yake inali yakuda ngati thako la mphika, ndipo kapaipi kamodzi kanali kong'aluka. Tinatsuka, tinadula pong'alukapo, tinalumikiza. Atalumikiza choyezera, nambala inakwera pang'onopang'ono mpaka kudutsa 90. Madzulo omwewo namwino anabwera kudzaikankha kupita nayo kuwodi ya ana. Ndinamutsatira mpaka pakhomo la wodi, ndipo ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndikumva phuu, phuu, kuchokera pabedi lachitatu.

Masiku otsatira madala aja ankandifunsa mafunso omwewo ankandigwetsa kusukulu, koma chinthu chili m'manja. Chifukwa chiyani mpweya ukutentha ukapanikizidwa? Paipi ikachepa, kuthamanga kwa mpweya kusintha bwanji? Iwo analibe digiri. Ankati zambiri anaziphunzira poononga. Tsiku lina anandionetsa Pumani, kamakina kothandiza makanda obadwa masiku asanakwane kupuma, komwe anakapanga a Rice University ya ku America mogwirizana ndi madokotala a ku Gulupu ku Blantyre. Anati koyambirira kake kanayendera timapampu ta m'mathanki owetera nsomba za m'nyumba. "Kameneka ndimakakonda chifukwa amene anakapanga anafika kuno n'kuona fumbi lathu," anatero. "Enawa anawapangira zipatala za kwawo. Ndiye inu ku Thyolo kuja akukuphunzitsani kuti muzitipangira zathu, kapena mungodzakhala m'maofesi?"

Ndi pamene ndinakumbukira zolankhula za mu holo zija. Zomwe ndinaziyesa ndale zinali m'chipinda muno, zitaunjikana mpaka kudenga. Polytechnic ya ku Blantyre, yomwe inakhazikitsidwa mu 1965 ndipo inasanduka MUBAS mu 2021, inkaphunzitsa kale mainjiniya, koma malo anali ochepa, ndipo mbali zina monga zazitsulo ndi makemikolo dziko linkadalira ophunzira kunja kapena alendo. Mpata umenewo ndi womwe sukulu ya ku Ndata inamangidwira. Kaya inayenera kukhala ku Lilongwe kaya ku Thyolo, imeneyo ndi nkhani ya amalume ndi anzawo pabawo.

Nditabwerera ndinasintha zinthu zochepa chabe. Fomu ya ngongole ndinaidzaza sabata yomwe inatuluka, zidindo zonse ndinali nditasonkhanitsiratu patchuthi, ndipo ndinapatsidwa. Ndinalowa gulu la anthu asanu, onse ma yearo atsopano, ang'onoang'ono kwa ine, ndipo tsiku loyamba ndinawauza ndekha kuti ndikubwereza, kuti asachite kumva kwa ena. Mtsikana wina wa ku Karonga m'gululo ndi amene anandiphunzitsa calculus, pogwiritsa ntchito ndowa yodontha. Ndinayambanso kugogoda pamaofesi a alekichala, ndipo ndinadabwa kuona kuti ambiri ankakondwa kufunsidwa. Sindinasanduke katswiri. Ndinkangokhoza, nthawi zina mopulumukira pakamwa pa mkango, koma sapu sindinalembenso kufikira chaka chachinayi, pomwe ndinalemba imodzi.

Kubwereza kuli ndi mtengo wake womwe sulembedwa pa risiti. Pali fizi ya chaka china, chakudya ndi malo ogona a chaka china, inde. Koma palinso mlongo wanga yemwe anadikira chaka chathunthu asanapite kukoleji ya uphunzitsi chifukwa ndalama zinali kwa ine. Palinso tsiku lija mu 2019 pamene oyambirira pasukulupo anavala mikanjo yawo, Profesa Address Malata, omwe anayamba kutsogolera yunivesiteyi mu 2016, ali kutsogolo, ine ndikuwerenga pa zala zaka zomwe zanditsalira.

Kenako kunabwera Covid-19. Sukulu zonse zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020, ndipo miyezi inapita tili kunyumba, maphunziro ena tikutsatira pa foni, ine nditakwera pachulu kufuna netiweki. Mu Januwale 2021 matenda atakula, okosijeni akusowa m'zipatala, madala aja anandiimbira. Sanapereke n'komwe moni. Anangoti, "Injiniya, uli kuti? Bwera ndi sikuludiraiva yako." Makonsentireta omwe anatsala pakona paja tinawaphwasula, atatu n'kutulutsamo awiri amoyo.

Kosi ya zaka zisanu inanditengera pafupifupi zisanu ndi ziwiri. Nditamaliza ndinakhala miyezi 14 osapeza ntchito, ndikukonza mafoni ndi ma inverter a sola pa Mponela. Apa ndinene mosabisa, chifukwa ena amaganiza kuti digiri ya uinjiniya ndi kiyi wa galimoto: sukulu ikhoza kutulutsa anthu odziwa kupanga zinthu, koma mafakitale oti awalembe ntchito sangamere okha chifukwa cha zimenezo, ndipo m'dziko muno adakali ochepa. Anzanga ena a zazitsulo akuphunzitsa masamu m'masekondale apulaiveti. Chomwe chinandithandiza ine si magiledi, koma kope lomwe ndinkalembamo makina aliwonse omwe ndinatsegulapo, vuto lake ndi mmene tinawakonzera. Pa intavyu ya kukampani yaing'ono yomwe ndikugwirako pano, abwana anatsegula kopelo, anawerenga masamba atatu, n'kundifunsa tsiku loyamba ntchito. Amene mudakali pasukulu, tchuthi musamathere pakhonde. Pezani wekishopu, galaja kapena fakitale yoti muzikanyamulako bokosi, ngakhale ulele, ndipo muzilemba.

Ngongole ija ndayamba kubweza, mwezi ndi mwezi, ndipo idzanditengera zaka. Chaka chatha ndinawagulira amalume kamthena, koma sikanazolowere goli. Akuti mwina pofika nthawi yokolola. Amayi anasiya kukonza anthu akamanditchula kuti adokotala, amangowonjezera kuti "wa makina". Mawa m'mawa ndikupita kuchipatala china kuchigawo chapakati komwe makina owiritsira zida za opaleshoni aima miyezi itatu. Vuto lake ndi kamphira kozungulira chitseko, kotalika ngati lamba wa thalauza. Tinakaitanitsa ku South Africa, ndipo kafika dzulo.